Mbale ya Apongozi a Mapalo

Mapalo amaluka tsitsi pakhonde la nyumba yawo ku Kafue, kuseri kwa siteshoni ya sitima. Bambo ake anali Mbemba, mayi ake Mtonga wa ku Shimabala, iye n'kukulira m'tchalitchi cha Pentekosite, moti mukamufunsa za mwambo amaseka n'kunena kuti mtundu wake ndi wa Yesu. Atakwatiwa ndi Dennis, mwana wa anthu a kummawa, alangizi anamukhazika pansi n'kumuuza zambirimbiri. Zochuluka anazisiya pamphasa pomwepo.

Chaka chatha apongozi ake aamuna, a Yotamu, anagwa kubafa. Inali sitiroko. Munthu amene anakalambira pa ntchito ya njanji, wosalola ngakhale mwana kumunyamulira chikwama, anatuluka m'chipatala dzanja lamanja lili lende, pakamwa patapotoka, mawu atawatsalira amodzi okha: "Iyayi." Akazi awo anamwalira kalekale. Dennis amakwera minibasi ya ku Lusaka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Wotsala pakhomo ndi wodwala anali Mapalo.

Powatulutsa, nesi anamugwira Mapalo pamkono. "Pakudya osabasiya beka, bangatsamwe. Muzibayang'ana pakhosi, muone ngati bameza."

Mapalo anawasunga mawuwo ngati vesi. Masana alionse ankaika mbale pa katebulo, n'kukoka mpando mpaka pamaso pawo penipeni, maso ali tong'o pakhosi pa nkhalambayo.

"Ba tata, dyaniko pang'ono."

"Iyayi."

A Yotamu ankayang'ana khoma. Akawayandikizira sipuni ankatseka pakamwa ndi maso omwe. Koma madzulo Dennis akabwera, Mapalo ali kukhitchini, ankadyako. Izi n'zimene zinkamupweteka kwambiri. Wophika ndi yemweyo, mphika ndi womwewo, nanga vuto lili pati? Lamba wa a Yotamu anayamba kufuna kuboola kwina, ndipo mankhwala a masana ankagwera m'mimba yopanda kanthu.

Malangizo ndiye sanasowe, aliyense ku Kafue ndi dokotala. Mayi wina womulukitsa tsitsi anati lilime lafa, awonjezere mchere. Nesi anali atanena kuti mchere ayi. Kutchalitchi anamupatsa mafuta odzozera, iye n'kudzoza chitseko, mpando, mpaka mbale. Anapitanso ku kagulu ka osamalira odwala sitiroko kamene kamakumana pansi pa mtengo ku kiliniki. Kumeneko anaphunzira kutembenuza wodwala pabedi ndi kuwongola zala, koma atafunsa zake, wina anati phala, wina anati nthochi, wina anati ndi kukhumudwa chabe, apirire. Anabwerera mutu utakula kuposa mmene anapitira.

A Emelia, alongo awo a Yotamu, anaimba foni kuchokera ku Katete, n'kunena mozizira kuti achimwene awo sanakanepo chakudya chikhalire. Tsiku lomwelo Dennis anafunsa akuvula nsapato, "Manje iwe, ubachita chani ba tata?" Mapalo anakalirira kuseri kwa nyumba, osadziwa n'komwe mlandu umene akulirira.

Tsiku lina masana, atangoika mbale ya phala la nsinjiro, anamva mpopi wapanja ukulira. Madzi anali atasowa sabata yonse, ndipo ku Kafue madzi akabwera sadikira munthu. Anathamanga ndi zidebe, n'kuiwalako zonse. Atakumbukira, anasiya zidebezo pampopi. Analowa m'nyumba akukuwa, "Ba tata! Ba tata!"

Anawapeza ali phee pampando. Mbale inali mbee. Phala lina linali pamalaya, ndipo dzanja lamanzere anali atalibisa pansi pa bulangete, maso pansi ngati mwana wogwidwa mu shuga.

Mawu a alangizi aja anabwera okha: mpongozi sayang'ana apongozi ake akudya. Nanga uyu wodya ndi manzere, chakudya chikutayikira pachibwano? Mapalo ankayesa kuti matenda akalowa m'nyumba mwambo umatuluka, osadziwa kuti a Yotamu analola njala kusiyana ndi manyazi. Anakwiya. Anakwiyira Dennis yemwe mwambowo ndi wakwawo koma osaukumbukira, anakwiyira nesi, anadzikwiyiranso yekha. Ndipo mkwiyowo sunamasule kanthu. Akakhala, sadya. Akachoka, angatsamwe ali okha.

Mawa lake anaika mbale, anagwada, n'kukakhala pakhomo atawafulatira, wigi ya kasitomala ili pabondo. Manja ankaluka, koma makutu onse anali kumbuyo. Kenaka sipuni inagunda mbale. Atatsokomola, khosi la Mapalo linafuna kutembenuka, koma analimba n'kudikira mpaka anamva kuti ameza.

Patapita kanthawi, sipuni inayamba kugogoda pambale. Mapalo anafunsa akuyang'ana kumsewu.

"Ba tata, mwakhuta?"

"Iyayi."

Sanadziwe ngati akutanthauzadi zimenezo, poti a Yotamu analibe mawu ena. Anabwerera chafutambuyo, natambasula dzanja osacheuka, ndipo anamva mbale ikuikidwa m'manja mwake. Anakaidzaza misozi ikutsika, n'kubwereranso pakhomo paja. Mbale yachiwiriyo nayonso inatha.