Dzanja patsaya pa shadirezi

Lachisanu lapitali ndinafunsidwa funso lomwe linandisowetsa pogwira, ine mphunzitsi wodya choko zaka zonsezi.

Ana akaweruka kusikola kwathu kuno ku Furancungo, ena amatsalira kuti ndiwaphunzitse shadirezi, masewera aja a mfumu, akavalo ndi asilikali pa bolodi. Katswiri wathu ndi Rosita, mtsikana wochokera kumidzi ya njira ya ku Chidzolomondo. Tsikulo bambo ake, a Phiri, anatulukira ndi njinga, nkhope ili gwaa. Anati mwanayo akufika kunyumba mochedwa, choncho lero n'kotsiriza.

"Apulofesoli, tandiuzani chimodzi. Masewera anuwa amatha nthawi yanji?"

Ndikanayankha chiyani? Munthu wosadziwa amagonja madzi a tiyi asanawire. Pampikisano pamakhala relojo, wotchi yowerengera aliyense nthawi yake: ena amapatsana mphindi zochepa, ena maola. Koma ife relojo tilibe, ndiye akakumana odziwa okhaokha dzuwa limapendeka iwo ali pomwepo. Ndinawauza zoona: amatha akatha.

Sizinawakomere. Atasuzumira m'kalasi anaona mwana wawo ali duu, dzanja lili patsaya, osakhudza kanthu.

"Iwe, chotsa dzanja patsaya! Wafedwa?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwanayu mukumuzunza. Pabawo munthu akakhala chonchi ndiye kuti nkhomo zatha."

Ndinachita mantha, ndisaname. Mwana ngati uyu sapezeka chaka chilichonse. Ndinawapempha kuti angodikira masewera amodzi okhawa.

Kodi si mmene tilili tonsefe? Kwathu kuno dzanja patsaya ndi la wamasiye. Mtsikana akakhala phee timati wadwala kapena ndi waulesi, timupatse ndowa akatunge madzi. Zonse tikufuna zithamange ngati mota, njinga yamoto ya pamsika. Nanga mwana adzaphunzira liti kuona patsogolo asanaponde, ngati nthawi yoganiza timamulanda? Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

A Phiri anakhala pabenchi monyinyirika. Ndinawanong'oneza kuti kavalo amayenda mokhota, ndipo mwana wawo akutchera msampha. Iwo ndi mlimi wa fodya, ndiye ndinawafunsa ngati fodya wa m'chigafa amamuuza tsiku louma. Anangoti, "Musandiphunzitse fodya, inu."

Mthunzi unafika pakhomo. Rosita anasuntha kavalo uja, mnzake amene ankasewera naye anakanda mutu, anasuntha mfumu yake, ndipo posakhalitsa inasowa kothawira.

Nditacheuka kuti ndiwauze kuti zatha, ndinapeza mkulu uja wawerama, maso pabolodi, dzanja lili patsaya.

"Baba, mwafedwa?" anafunsa Rosita.

Ana onse anaseka, iwonso anaseka mpaka kutsokomola. Akukweza mwana wawo panjinga anati, "Lachisanu ndizibwera kudzamutenga ndekha. Musamamuthamangitse, apulofesoli. Azimaliza bwinobwino."

Nanga inu, mwana wanu akagwira tsaya, mumayamba mwafunsa chimene akuganiza?