Bakitirimu wa Mayi Vaileti

Salama ankaluka tsitsi pakhonde la nyumba ya lendi ku Chinsapo. Manja ake anali achangu, moti atsikana ankachita kudikirana pamkeka. Koma chaka cha 2006 tsitsi lake lomwe linayamba kusosoka, m'masaya munatuluka zidzolo, zala zinatupa. Ku chipatala anamuyeza kachilombo mobwerezabwereza, osakapeza. Pomaliza anati ndi lupasi, nthenda imene thupi limadziukira lokha. Adokotala anamuchenjeza kuti, "Bakitirimu musadzayerekeze kumwa. Amaidzutsa nthendayi."

Lupasi ku Chinsapo? Anthu anangoseka. "Aa, ndi zomwezi izi, angozipatsa dzina lachizungu." Makasitomala anayamba kuzemba mmodzimmodzi.

Anatsala ndi mnzake mmodzi, Mayi Vaileti, wamasiye wa nyumba yoyandikana, amene ankamwa ma ARV mosabisa. Ndi iwo okha amene ankadyabe naye mbale imodzi. Koma za lupasizo nawonso sankazikhulupirira. Bakitirimu amene ankalandira ku chipatala ankamugawa pawiri, theka n'kumubweretsera Salama atamanga pansonga ya chitenje.

"Inenso ndinkakana chonchi, achemwali. Kukana sikuchiza."

Salama ankalandira ndi manja awiri, n'kukataya m'chimbudzi. Kufotokoza anafotokoza, koma zinkalowera khutu ili n'kutulukira linali. Tsiku lina Mayi Vaileti anabwera ndi kapu ya madzi.

"Ine ndikudzimana kuti inu mukhale ndi moyo. Imwani ndikuona. Kapena mukunyansidwa nawo mankhwala angawa?"

Funso limenelo linamuthera mphamvu Salama. Anachita mantha kutaya munthu yekhayo amene sankanyansidwa naye. Anamwa. Mawa lake anamwanso, mkuja chimodzimodzi. Posakhalitsa milomo inachita matuza, thupi linatentha ngati mbaula, miyendo inatupa.

Ku chipatala womudikirira anali Mayi Vaileti omwewo, kugona pansi pambali pa bedi. Nesi atafunsa zimene wodwalayo wakhala akumwa, iwo anayankha monyadira. "Bakitirimu wanga. Sindinamumane ayi."

Nesiyo anali atatopa, ndipo sanasankhe mawu. "Ndiye mukanamupha ndinu, mayi."

Salama anatuluka impso zitavulala, koma ali moyo. Chakukhosi analibe ngakhale pang'ono. Koma Mayi Vaileti manyazi anawagwira koopsa. Popita kotunga madzi ankazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo Salama akawaitana ankayankhira patali, maso ali pansi. Mwezi utatha anasamukira ku Mtsiliza osatsanzika. Salama anachita kumva kwa alandilodi.