Mlendo wobwera ndi chimbudzi chake

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kupita ku Zemba, kwa azakhali anga aNaphiri, chifukwa anatumiza uthenga woti msuweni wanga Yotamu akubwera kuchokera ku Lusaka. Komaliza tinamuona pamaliro a amayi ake, omwe anali akulu awo a azakhaliwo. Chichokereni nthawi imeneyo timangomumva pafoni.

Anafikadi. Koma anafika ngati kamba, nyumba ili kumsana.

Inu owerenga, galimoto yotere munaionapo? Yoyera mbee, yaitali kuposa minibasi ya ku Mlolo. Yotamu anatilowetsa awiriawiri kuti tione. Muli bedi. Muli sitovu ndi firiji. Muli bafa. Kenako anatsegula kachitseko kena monyadira ngati akutionetsa mwana wake woyamba, n'kutiuza kuti umu ndi m'chimbudzi. Ine ndinaima pakati pa chimbudzicho ndi sitovu, ndipo ndinatha kugwira zonse ziwiri osasuntha phazi. Chitukuko chimenecho, abale. Ife osaphunzira tinkayesa kuti zinthu ziwirizi zimafunika kutalikirana.

Tsono ndikuuzeni chimene azakhali ankadikira, chifukwa si shuga kapena chitenje.

Amayi a Yotamu atamwalira, m'mudzimo munayamba manong'onong'o akuti aNaphiri ndiwo anadya mkulu wawo pofuna dimba la kudambo. Palibe anawanena pamaso. Koma thobwa lawo anthu anasiya kumwa. Ana anauzidwa kuti asamalandire nsawawa zawo. Kutchalitchi, benchi limene amakhalapo silidzadza, ngakhale tsiku la mgonero. Mayi wokalamba, wamasiye, amene mlandu wake ndi wakuti anatsala wamoyo.

Mlandu wotere sutha ndi mawu. Umatha tsiku limene mwana wa malemu wakhala pamphasa pako, wadya za m'mbale yako anthu akuona, n'kugona m'nyumba mwako mpaka kucha. Azakhali ankadziwa zimenezi. Anazira nyumba yonse, anachapa bulangeti, anafulula thobwa, anapha tambala wamkulu uja ankadzutsa mudzi. Nthutumba anaiika pambali m'kambale kovundikira, poti imeneyo ndi ya mlendo.

Atatha malonje, azakhali anagwada ndi chikho cha thobwa.

"Amayi, musavutike," anatero Yotamu. "Tabwera ndi zonse. Sitikufuna kukulemetsani."

"Nanga madzi okha, mwanangu?"

"Tili nawo a m'mabotolo. Mimba yanga sigwirizana ndi madzi a pachitsime."

Chitsime chake ndi chomwecho chimene chinamulera mpaka ndevu zinamera. Mimbayo iyenera kuti inapita kusukulu payokha.

Ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe n'kumufotokozera zonse, poti pachisuweni sitibisana mawu. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Msuweni, kuno mukadali ndi zaufiti? Ine zimenezo sindizikhulupirira n'komwe."

"Ndiye kadye tambalayo."

"Adokotala anandiletsa zamafuta. Ndiponso madamu aphika kale m'galimotomu. Tiona mawa."

Madzulo anthu ochokera kumadimba ankadutsa dala pafupi ndi nyumbayo. Chimene anaona ndi ichi: azakhali ali pakhonde ndi mbale zovundikira, mwana wa malemu ali m'galimoto ndi mkazi wake, akudya mpunga chitseko chotseka. Tulo anagonanso momwemo, pabwalo la mayi ake aang'ono, atakhoma ndi kiyi.

Musaganize kuti Yotamu ndi woipa mtima. Ayi. Ndi munthu waulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo ndi umene wafala masiku ano. Amene alibe galimoto ya bedi amasungitsa chipinda kuboma, n'kumabwera kumudzi masana ngati anthu a katemera. Pamaliro mumawaona, nthawi ya chakudya ikakwana amazemba mmodzimmodzi kukatsegula mabuti a galimoto zawo. Onse mawu awo ndi amodzi, ngati anaphunzira kalasi imodzi: sitikufuna kukuvutitsani.

Anakuuzani ndani kuti sitikufuna kuvutika?

Mayi akamathamangitsa nkhuku kuzungulira khola, mpaka chitenje kumasuka, mukuganiza kuti akulira? Akamabwereka matiresi kwa aphunzitsi, mudzi wonse n'kudziwa kuti kwa uje kukubwera alendo, mukuyesa ndi chilango? Kuvutika kumeneko ndiye ulemerero wake. Ntchito ya mlendo ndi imodzi yokha, ndipo si yolemetsa: kulandira. Ukakana kulandira, wanena kanthu, ngakhale pakamwa pako patatuluka mawu okoma bwanji. Kutauni kukana chakudya ndi nkhani ya adokotala. Kwathu kuno ndi umboni.

Mudzati chikhalidwe chimasintha, munthu ali ndi ufulu wogona pamene akufuna. Zoona. Inenso nsikidzi sindizikonda. Koma ngati wanyamula bedi lako, madzi ako, moto wako ndi chitseko chako, kwa m'bale wakoyo wadzatengako chiyani? Mthunzi wa mtengo woimikapo galimoto? Mitengo ilipo yambiri m'mbali mwa msewu, ndipo siyembekezera kanthu kwa munthu.

Lamulungu m'mawa Yotamu anati sangakhale nawo m'mapemphero, chifukwa ulendo unali wopitirira ku Zingalume kukaona anzake a kusukulu. Abale ndi abwenzi ambiri, masiku ochepa. Azakhali anatenthetsa tambala uja, poganiza kuti mawa lija lakwana.

Ndipo Yotamu anatulukadi m'galimoto n'kulunjika pakhonde. Nkhope ya azakhali inawala. Koma m'manja anali atavala magolovesi, ndipo kumbuyo ankakoka kathanki kamatayala kamene anasolola kunsi kwa galimoto.

"Amayi, chimbudzi chanu chili mbali iti? Kathankika kadzadza."

Azakhali anadzuka pang'onopang'ono, n'kumutsogolera okha kuseri kwa nthochi. Anamukankhira chitseko chaudzu. Anamudikira panja mpaka anamaliza kukhuthula, kenako anamuthirira madzi osamba m'manja. Madzi a pachitsime chija. Amenewo sanawakane.

Akuluakulu anati kamba amanyera womutola. Ine ndinkayesa ndi mwambi chabe.

Yotamu anajambulitsa nawo chithunzi, anawasiyira sopo ndi paketi ya shuga, analiza hutala kawiri, fumbi koboo. Ndikupita kukatenga njinga yanga ndinamva mayi wina pachitsime akuuza mnzake kuti, "Mwaona? Ngakhale madzi sanamwe. Mwana uja akudziwa kanthu."

Ndinapsa mtima, ndipo manyazi anandigwira chifukwa cha msuweni wanga. Ndinabwerera, ndinayala mphasa pakati pabwalo pamene aliyense angandione, n'kudya tambala uja mpaka mafupa. Thobwa ndinamwa zikho zitatu. Koma ine ndimadya pakhomopo mwezi uliwonse, ndipo malemu sanali amayi anga. Kudya kwanga sikufafaniza kanthu.

Nthutumba sanandipatse. Inali ikadali m'kambale kake kovundikira. Potsanzikana, azakhali anandigwira dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Pochokera ku Zingalume sadutsanso konkuno? Ndisunge?"

Ndinangokwera njinga yanga, chifukwa msewu wobwerera ku Lusaka ndimaudziwa: sudutsa ku Zemba.

Yotamu, ndikudziwa kuti danga lino umawerenga, ndipo pachisuweni sukwiya. Chithunzi chako ndachiona pafoni, walemba pansi pake kuti kwanu n'kwanu. Chakongola. Koma tandiuza, iwe ndi anzako onse osafuna kuvutitsa anthu: pa zonse zimene unanyamula kuchokera ku Lusaka, n'chiyani chimene unaona kuti n'choyenera kulowa m'nyumba ina ya mayi ako aang'ono, ija ya kuseri kwa nthochi?