Kansungwi ka bambo kuseri kwa mpando

Mwaswera bwanji nonse.

Pikapu ya malemu bambo yandizimira lero pamsewu wa ku Muloza nditadzaza zinanazi. Geji imaloza theka, ndiye za mafuta sindinaganizeko n'komwe. Ndinangolimbana ndi batire.

A Namakhwa, amakaniko a ku Milonde aja, abwera pa kabaza. Angogogoda thanki, amvekere, "Achimwene, muno mulibe ndi dontho lomwe." Atakwawira kunsi apeza kuti mwala unapindira thanki m'kati kalekale. Choyandama cha m'thanki choyendetsa geji chikamatsika chimakakamira pamenepo, geji n'kumangoti theka.

Tsono mukukumbukira kansungwi kakuseri kwa mpando, timati n'kophera njoka kaja? A Namakhwa atakanunkhiza, dizilo yekhayekha. Kali ndi mizere itatu yocheka ndi mpeni. Ndawaimbira amayi, angoseka: "Bambo anu geji imeneyo anasiya kuimvera mlongo wanu Zione asanabadwe."

Tathira malita asanu, galimoto yalira kamodzi, zinanazi zafika bwinobwino.

A Namakhwa akuti thanki atha kuiwongola Loweruka. Koma ine mtima ukukana, kansungwi ndakaviika kale kawiri. Mukuti bwanji abale, tikonze kapena tizipima ngati eni ake?