Chidindo cha Atate ndi Mtsuko wa aNaphiri

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, tauni yathu ikutchedwabe Fort Jameson. Atate anali kalaliki, ndipo m'thumba la jekete lawo munkakhala chidindo cha liwu limodzi la Chingerezi, "Closed". Ankati limatanthauza kuti nkhani yatha, fayilo imangidwe chingwe.

Tsiku lina ndikulasa mbalame ndi legeni, mwala unaphonya n'kuphwanya mtsuko wa aNaphiri, mayi wamasiye woyandikana nafe. Amayi anandikwapula. Masana, atate akusamba m'manja, jekete lili pa msomali, ndinang'amba pepala m'kope, ndinalembapo mlandu wanga wonse n'kudinda ndi chidindo chawo chija. Ndinakawaonetsa monyadira, inki isanaume.

"Wadinda ndani?" anafunsa atate.

"Ine. Ndakwapulidwa kale, ndiye zatha."

"Zatha kumatako kwakoko. Nanga aNaphiri atungira m'chiyani madzi? M'pepalali?"

Anatenga cholembera n'kudula mzere pa liwulo. Anati wonena kuti zatha ndi amene walakwiridwa, kalaliki amangotsatira pambuyo.

Kuyambira m'mawa mwake ndinkawatungira madzi aNaphiri ndi ndowa yathu ndisanapite kusukulu. Chogwirira chawaya chinkandidula zala, mame akunyowetsa miyendo. Panapita masabata atatu kuti woumba aotche mtsuko wina. Utafika, aNaphiri anaugogoda ndi chala, anamvetsera kulira kwake, anathiramo madzi n'kumwa.

"Akalaliki aang'ono, zatha," anatero akuseka.

Pamenepo m'pamene atate anadinda kachiwiri. Pepalalo ndili nalo m'sutikesi mpaka lero, lili ndi zidindo ziwiri, chimodzi chodulidwa mzere. Ndakalamba bwino kuno ku Kapata, ndilibe chakukhosi ndi munthu, chifukwa sindinatsekepo nkhani mwini wake asanavomere.

N'chifukwa chake chinthu chimodzi chokha chikundiwawa. Mvula yatha ija itangoyamba, ndinalembera ofesi ina kudandaula za ngalande yotsekeka imene ikulowetsa madzi m'khichini mwanga. Ndinalembanso kawiri, makope ndili nawo. Yankho labwera litadindidwa liwu lomwe lija la atate, chonsecho palibe amene anapondapo pakhomo panga, ndipo matope akadali pansi pa kabati.

Choncho ndikupempha mwaulemu kuti amene anadindayo adule mzere pa liwulo, abwere adzaione ngalandeyo, ndipo andiyankhe polemba. Ine ndikadzati zatha, adzadinde.