Foni ya Mayi Eveles Yadzaza

M'mawa uliwonse, asanagwire khasu, mayi Eveles a ku Kaduya ankakhala pakhonde n'kuika kafoni kawo ka mabatani kukhutu. Ankamvera mawu a malemu amuna awo, a Phillip, omwe ankakonda kudzijambula akuimba m'Chilomwe popalira chinangwa. Nyimbo zinalipo zisanu ndi ziwiri, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Chaka chino kaenvelopu kanayamba kuphethira pakona ya foniyo. Uthenga unali utabwera koma unkasowa polowera, pakuti foni inali itadzaza. Mwana wawo Tikondane anali atapita ku Joni miyezi itatu yapitayo, osamvekanso. Mtima unawauza kuti ndi iyeyo.

Tsiku lamsika anagula memori khadi yoti iwonjezere malo m'fonimo. Anasankha yaikulu kuposa zonse, monga amasankhira thumba losungiramo chimanga, n'kupita nayo kwa a Bwanali, okonza mafoni.

A Bwanali anailowetsa, anazimitsa foni, anayatsanso. Kenaka anapukusa mutu.

"Mayi, mwagula nkhokwe ya esiteti. Kafoni aka sikangaione."

"Si yalowa bwinobwino?"

"Kulowa yalowa. Koma kaubongo kam'katimu kali ndi polekezera kuwerenga. Zipinda zikachuluka kupyola pamenepo, kamangoti palibe kanthu. Kamafuna memori yaing'ono, yakalekale, ndipo ndatha zaka ndisanaione."

"Ndiye kasintheni kaubongoko."

"Ndikasinthe ine? Mawu a malemu amuna anu ali momwemo. Ndikakazula, apita nako."

A Bwanali anayesa kusamutsa nyimbozo ndi chingwe, koma polowetsa chingwe panali patadyeka ndi dzimbiri; zaka zonsezi mayi Eveles ankatchajitsa batire palokha. Anayesanso kuziliza kuti azijambule pa foni yawo. Zomwe zinamveka ndi njinga zamoto ndi mnyamata woitanira kaunjika, a Phillip ali kutali ngati ali m'chitsime.

"Chatsala n'chimodzi," anatero a Bwanali, maso ali patebulo. "Fufutani nyimbo imodzi, uthengawo ulowa."

Mayi Eveles anamanga foniyo pansonga ya chitenje, nabwerera kwawo.

M'mawa mwake anasankha nyimbo yaifupi, yomwe a Phillip analekeza pakati chifukwa cha chifuwa. Anaimvera katatu, kenaka anadina pomwe a Bwanali anawasonyeza, naifufuta. Foni inalira, uthenga unalowa. Anaitana a Gertrude, oyandikana nawo nyumba, kuti awawerengere poti unali wa Chingerezi.

"Ndi a kampani ya mafoni, anzanga," anatero a Gertrude motsitsa mawu. "Akuti kwabwera bandulo yatsopano."