Tsiku Limene Bambo Anasinja Mtedza wa Mbewu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi m'chaka cha njala chija pamene mng'ono wanga Fayinesi anayamba kutupa mapazi. Tinkakhala kumapiri kwa Kanduku. Tsitsi lake linafiira, khungu n'kumasupuka, ndipo ankalira chapansipansi ngati mwana wa mphaka. Ndinkaopa ngakhale kumubereka.

Mayi anabwera kuchokera kusikelo ndi mawu a namwino, akuti phala lamadzi silingamudzutse mwanayo, pakufunika chakudya cha mafuta. Bambo anapukusa mutu, amvekere mafuta ali kunyama, chonsecho mbuzi yathu yomaliza tinali titasinthitsa kale ndi chimanga. Mayi anati namwinoyo wanenetsa kuti mafuta a mu mtedza ndi a mu nyama ndi pachibale, thupi silisankha.

Mtedza unalipo, koma wa mbewu. Unali m'kathumba kamene bambo anapachika kudenga, ndipo tonse tinkadziwa kuti kukakhudza n'kuputa mkwapulo. Mvula inali pafupi. Mayi sanatchule za kathumbako. Anangomukhazika Fayinesi pamiyendo pa bambo n'kunyamula ndowa, ulendo wa kumjigo.

Bambo anadina phazi la mwanayo ndi chala, ndipo pamene anadinapo panatsala kadzenje kosabwerera. Kenako anaimirira n'kutsitsa kathumba kaja.

"Lusiya, bweretsa mtondo," anandiuza.

Kwathu mwamuna sasinja. Azimayi odutsa anaima n'kumaseka chobisa, koma bambo sanatukule mutu. Anasinja mpaka nsinjiro zinayamba kunyezimira ndi kumata kumunsi. Anapala mafutawo ndi chala n'kumudzoza Fayinesi m'masaya. Fungo la mtedza linadzaza pabwalo, ine malovu ali chuchuchu, koma sindinapemphe.

Mayi atatula ndowa anafunsa motsitsa mawu, "Nanga tidzabzala chiyani, bambo a Lusiya?"

"Mwanayu akapita, ndidzabzalira ndani?" anayankha choncho, n'kupitiriza kusinja.

Chaka chimenecho mizere ya mtedza inamera chisoso. Fayinesi anadzuka pang'onopang'ono ndi phala la nsinjiro lija.

Kusekondale ndinadzaphunzira kuti mafuta aja ali ndi dzina, asidi wa oleiki, ndipo amapezekadi mu mtedza ndi mu nyama momwe. Koma za bambo ndazimvetsa nditakula. Ndinkawayesa ouma mtima chifukwa cha kathumba kaja, osadziwa kuti pokamanga ndi pokamasula pomwe ankaganizira ife. Anatisiya kalekale, ndipo ndimawasowa. M'munda umene unagonera chaka chija, lero amene amabzalamo mtedza ndi Fayinesi, mayi wa ana atatu.